Kafukufuku wa ku Namitete adamveka kutali, koma mbiri idagwera yani?

Kadaulo wa zaumoyo akafuna kukwezedwa pantchito kusukulu ya ukachenjede, kapena akamapempha ndalama zochitira kafukufuku kumabungwe akunja, omuunika sayamba ndi kufunsa kuti wachiza anthu angati. Amalemba dzina lake pa Google Scholar kapena pa Scopus n'kuona manambala atatu: mapepala a kafukufuku amene wasindikiza, maulendo amene akadaulo anzake atchula mapepalawo m'zolemba zawo, ndiponso nambala ina yotchedwa h-index. Pakutha pa mphindi ziwiri, ntchito ya zaka 20 imakhala itayezedwa.

Nkhaniyi inkaoneka ngati ya ophunzira okhaokha mpaka chaka cha 2025. Mu Januwale chaka chimenecho, boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri lopita kumaiko ena, ndipo pofika mu Julaye bungwe la USAID lidali litatsekedwa. Mu Meyi, bungwe la National Institutes of Health, lomwe lakhala likulipira kafukufuku wambiri wa HIV ndi malungo m'dziko muno kudzera m'sukulu za ukachenjede za ku America, lidalengeza kuti lasiya njira yakale yomwe sukuluzo zinkapatsira ndalama anzawo akunja. Nkhokwe ikachepa, oilimbirana amachuluka, ndipo wopambana amakhala amene manambala ake ndi onenepa. N'chifukwa chake tsopano n'koyenera kufunsa kuti manambala ochokera ku kafukufuku wochitikira pa nthaka ya Malawi akhala akulembedwa pa dzina la yani, komanso ngati amanenadi zoona za phindu la kafukufukuyo.

Kuwerenga kotereku kudayamba ndi a Eugene Garfield a ku America, amene mu 1964 adatulutsa kaundula woonetsa kuti pepala lililonse la sayansi latchulidwa ndi mapepala ati. Ganizo lake lidali losavuta: ngati anzako akutchula ntchito yako, ndiye kuti yawathandiza. Mu 2005, katswiri wa fizikisi pa University of California ku San Diego, a Jorge Hirsch, adaonjezera h-index. Munthu amene h-index yake ndi 20 ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 20. Kuyambira mu 2019, gulu la a John Ioannidis a ku Stanford University lakhala likutulutsanso mndandanda wa akadaulo otchulidwa kwambiri padziko lonse, ndipo dzina la mphunzitsi likapezekamo, sukulu yake imaimba nthungululu.

Kuti timvetse zomwe manambalawa amaona ndi zomwe saona, tiyeni tipite ku Namitete, makilomita pafupifupi 60 kuzambwe kwa mzinda wa Lilongwe pa msewu wa ku Mchinji.

Kumeneko kuli chipatala cha St Gabriel's chomwe adachiyambitsa masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg mu 1959. Mu 2008, wophunzira wa ku Stanford, a Josh Nesbit, adafika pachipatalachi ndi laputopu imodzi komanso mafoni a m'manja pafupifupi 100 ogwirapo kale ntchito. Nthawi imeneyo chipatalachi chinkatumikira anthu pafupifupi 250 000 omwazikana m'midzi, ndipo chinkadalira anthu ongodzipereka amene ankayenda pansi kapena kupalasa njinga mitunda italiitali kudzangonena kuti wodwala wakuti wafooka, kapena wakuti wasiya kumwa mankhwala. A Nesbit adaika mu laputopu muja pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS, yomwe imalandira ndi kutumiza mauthenga a pafoni popanda intaneti, ndipo ongodziperekawo adaphunzitsidwa kulemba uthenga m'malo moyenda ulendo.

Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya akadaulo ya Technology and Health Care. Pepalalo lidati ongodzipereka 75 adalandira mafoni, chipatala chidapulumutsa maola ogwirira ntchito pafupifupi 2 048, chidapulumutsa madola 3 000 a mafuta pomwe chidangoononga madola 250 poyendetsa ntchitoyo, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu cha TB omwe chipatala chinkatha kuwasamalira chidawirikiza kawiri kufika pa 200.

Pepala limeneli latchulidwa maulendo mazanamazana. Amene adawerengapo zolemba zokhudza ntchito ya mafoni pa zaumoyo mu Africa adakumanapo ndi dzina la St Gabriel's. Ntchito yomwe idayambira ku Namitete idabala bungwe lomwe lidadziwika ndi dzina loti Medic Mobile, lero Medic, ndipo mapulogalamu ake akugwiritsidwa ntchito ndi alangizi a zaumoyo m'maiko monga Kenya, Uganda ndi Nepal. Akale adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa palibe angakane kuti kalumoko kadameta.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe nambala ija sinena.

Choyamba, pepalalo lidatchuka mopitirira kulemera kwa umboni wake. Lidali lipoti la ntchito yongoyesera ya miyezi yochepa pachipatala chimodzi, lolembedwa poyang'ana m'mbuyo, lopanda gulu lina la odwala loyerekezera nalo. Lidaonetsa kuti nthawi ndi mafuta zidapulumuka, koma silikanatha kuonetsa kuti imfa zidachepa. Lidatchuka chifukwa lidafika msanga pa nkhani yomwe dziko lonse lidali litangoyamba kuikonda. Pepala lotere nthawi zambiri limatchulidwa m'ndime yoyamba ya pepala lina, m'chiganizo chimodzi chongoti mafoni adayesedwapo ku Malawi, ndipo kompyuta yowerenga siisiyanitsa kutchula kongodutsa kotero ndi kutchula kwa munthu amene wamangadi ntchito yake pa maziko a mnzake. Ngakhale amene akutchula pepala pofuna kulitsutsa amalionjezera nambala.

Chachiwiri ndi maina. Alembi a pepalalo ndi atatu, a Nadim Mahmud, a Joce Rodriguez ndi a Josh Nesbit, ndipo pakati pawo palibe m'Malawi. Amene adalemba mauthenga aja ali pakhomo la wodwala, anamwino amene adakwera njinga yamoto kukaona odwalawo, ogwira ntchito za TB amene adalondola anthu 200 aja, onsewa ali m'pepalamo ngati manambala. Sikuti alembiwo adaphwanya lamulo lililonse. Umu ndi momwe zinthu zinkachitikira nthawi imeneyo, ndipo adali achinyamata amene adagwira ntchito yooneka. Koma zotsatira zake n'zoti ulendo uliwonse pamene pepalalo latchulidwa ku London kapena ku Nairobi, h-index yomwe imakwera ndi ya anthu a kunja, pomwe pa Namitete palibe amene angatenge pepalalo n'kukalembetsa nalo maphunziro a PhD.

Izi si za ku Namitete kokha. Mu 2019, magazini ya BMJ Global Health idasindikiza kafukufuku wa a Bethany Hedt-Gauthier ndi anzawo amene adaunika mapepala 7 100 a zaumoyo okhudza maiko a mu Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara, otuluka pakati pa 2014 ndi 2016. Adapeza kuti pa mapepala 100 alionse, pafupifupi 53 ndiwo adali ndi mlembi woyamba wochokera m'dziko lomwe kafukufuku adachitikira. Pamene ntchitoyo idali ya mgwirizano ndi sukulu zikuluzikulu za ku America, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 23. Mapepala oposa 13 pa 100 alionse adalibiretu mlembi wa m'dzikomo. Owerenga amene sali m'ntchitoyi adziwe kuti malo a dzina pa pepala ndi nkhani yaikulu. Dzina loyamba ndi la amene adatsogolera ntchito, lomaliza ndi la mkulu woyang'anira, ndipo apakati amawerengedwa ngati othandizira. Opereka ndalama amayang'ana kwambiri kumayambiriro ndi kumapeto. Aafirika ambiri amapezeka pakati.

Olungamitsa zimenezi amaloza malamulo a komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, ICMJE, omwe amati mlembi ayenera kutengapo gawo pokonza kafukufuku kapena potolera ndi kusanthula zopezeka, polemba kapena kukonza pepala, povomereza pepala lomaliza, ndiponso kukhala wokonzeka kuyankha mafunso pa ntchitoyo. Amati namwino amene adangotolera magazi sakwaniritsa zonsezi. Zoona, koma malamulo omwewo amanenanso kuti amene wakwaniritsa mfundo yoyamba apatsidwe mpata wotengapo gawo pa zotsalazo. Munthu sangakonze pepala lomwe palibe adamuonetsa.

Kunena izi sikuti manambalawa ndi bodza. Pali ntchito zina za kuno zomwe zidatchuka chifukwa zidasinthadi kachizidwe ka anthu. Mu 1989, a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor, a Jack Wirima ndi a Ankie Borgstein adafotokoza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu, ndipo mpaka lero madokotala padziko lonse amaitchula kuti Blantyre Coma Score. Mu 2011, kafukufuku wa HPTN 052, amene adatsata mabanja 1 763 m'maiko asanu ndi anayi, kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adaonetsa kuti kuyamba msanga mankhwala a ARV kumachepetsa ndi 96 peresenti mpata wopatsira mnzako kachilombo ka HIV. Pepalalo, lomwe mwa alembi ake muli a Mina Hosseinipour a ku UNC Project ku Lilongwe ndi a Johnstone Kumwenda a ku College of Medicine, latchulidwa maulendo masauzande ambiri, ndipo n'loyeneradi kutero. Komabe ngakhale pamenepa kawerengedwe kali ndi chilema. Pepala la alembi oposa 30 limapatsa aliyense wa iwo nambala yonse yathunthu, mosaona kuti wina adagona pa ntchitoyo zaka zisanu ndi ziwiri pomwe wina adangowerenga pepala lomaliza.

Chitsanzo chomwe chimaphunzitsa kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi cha ndondomeko yotchedwa Option B+, chifukwa pamenepa phindu lidatsogola ndipo manambala adabwera m'mbuyo.

Mu 2010, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidapereka njira ziwiri zotetezera mwana kuti asatenge HIV kwa mayi wake, ndipo zonse zinkafuna kuti mayi ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi ndi makina a CD4. Akuluakulu a nthambi ya HIV ku Unduna wa Zaumoyo adaona kuti kuno sizingatheke. Makinawo adali m'zipatala zochepa, ndipo mayi woyembekezera wa ku Nsaru kapena ku Mpingu akauzidwa kuti adikire zotsatira zochokera kutauni, kawirikawiri ndiye kuti watayika. Adaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka ayambe ma ARV pompo, kwa moyo wake wonse, mosayang'ana CD4. Ndondomekoyi idayamba mu Julaye 2011 popanda kafukufuku wamkulu woitsogolera, ndipo akadaulo ena otchuka adaitsutsa poyera m'magazini ya The Lancet. Koma chiwerengero cha amayi oyembekezera ndi oyamwitsa oyamba ma ARV chidachoka pa 1 257 m'miyezi itatu ya Epulo mpaka Juni 2011 kufika pa 10 663 m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala 2012. Mu 2013, WHO idaika njirayi m'malangizo ake, ndipo maiko ambiri adatsatira Malawi.

Amene adaganiza zimenezi ambiri adali ogwira ntchito m'boma, anthu amene sayezedwa ndi h-index. Ndipo pamene mavuto a ndondomekoyi adayamba kuoneka, adali a Malawi amene adatsogolera kuwaulula. Mu 2014, a Lyson Tenthani ndi anzawo adalemba m'magazini ya AIDS kuti amayi 17 mwa 100 alionse adali atasowa pa kaundula wa chipatala patangotha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri mwa iwo sadabwererenso chilandirireni botolo loyamba. Chaka chomwecho, a Hannock Tweya a ku Lighthouse adalondola amayi osowawo pachipatala cha Bwaila n'kupeza zifukwa monga kusamuka, kusowa ndalama zoyendera ndi kusamvetsa uphungu wa tsiku loyamba. Mapepala onsewa adatchulidwa kwambiri. Koma gwero lawo lidali makadi ndi mabuku a kaundula amene anamwino ndi makalaliki m'zipatala mazanamazana, zonga za ku Kabudula ndi Nsaru, amalemba ndi bolopeni tsiku ndi tsiku, nthawi zina mzere wa odwala utafika panja. Kafukufuku wambiri wa m'dziko muno waima pa zolemba za anthu amenewa.

Palinso zomwe kawerengedweka kamachita ku mitu ya kafukufuku. Pepala limatchulidwa kwambiri ngati akadaulo ogwira ntchito pa mutuwo ndi ambiri, ndipo akadaulo amachuluka komwe kuli ndalama. HIV, TB ndi malungo zili ndi ankhondo ambiri. Likodzo, mphere, kulumidwa ndi njoka, kupsa kwa ana pamoto, matenda a mlimi wa fodya amene amagwira masamba obiriwira ndi manja opanda chotchinga, izi zilibe gulu lalikulu lowerenga, ngakhale kuti ndi zomwe sing'anga wa pachipatala chaching'ono ku Nambuma amakumana nazo. Dokotala wachinyamata wofuna kukwera msanga amadziwa mutu woti asankhe. Amadziwanso kuti pepala lomwelo likatuluka m'magazini ya ku Ulaya lidzamveka kuposa likatuluka mu Malawi Medical Journal, ngakhale kuti magazini yathuyi imawerengedwa ulere pa intaneti, imapezeka pa PubMed, ndipo ndi yomwe dokotala wa pa boma angaitsegule kuti adziwe za odwala ofanana ndi ake.

Kusindikiza nakonso kuli ndi mtengo. Magazini ambiri owerengedwa ulere amalipiritsa mlembi, ndipo mtengo umafika madola masauzande angapo. Ya Nature idaika mayuro 9 500 pa pepala limodzi mu 2021. Ambiri amakhululukira alembi a m'maiko osauka, koma chikhululukirocho chimakonda kugwa ngati pa pepalapo pali mnzawo wa kudziko lolemera, ndipo zikatero wolipira ndiye amakhala ndi mawu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo uliwonse wa m'madola udalemera koposa. Pamphepete padikirira magazini achinyengo amene amatumiza maimelo okoma, kulandira ndalama n'kusindikiza chilichonse m'masiku atatu popanda kadaulo wina kuchiunika. Komiti yokweza anthu pantchito ikamangowerenga kuchuluka kwa mapepala, imakhala ikutsegulira malonda amenewa.

Akadaulo eni ake adaziona kale izi. Mu Disembala 2012, gulu la akonzi ndi asayansi lidagwirizana mfundo za ku San Francisco, zodziwika kuti DORA, zomwe zimati munthu aziyezedwa ndi zomwe zili m'pepala lake, osati ndi kutchuka kwa magazini yomwe latulukamo. Bungwe la Wellcome, lomwe limathandiza Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre, lidasainira mfundozi. Mu 2021, magazini ya Anaesthesia idasindikiza mfundo zina zolimbikitsa kuti alembi a kafukufuku wa mgwirizano azifotokoza momwe akadaulo a m'dzikomo adatengera gawo. Zinthu zikusuntha, ndipo maina a a Malawi pamalo oyamba achuluka poyerekeza ndi zaka 20 zapitazo. A Adamson Muula a ku Kamuzu University of Health Sciences, mwachitsanzo, ali ndi mapepala mazanamazana, umboni woti munthu angathe kumanga mbiri yotere ali konkuno.

Chomwe chikuchedwa ndi mbali ya munthu wofufuzidwayo. Kafukufuku asadayambe, fomu yopempha chilolezo imamasuliridwa m'Chichewa, chifukwa popanda kutero makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali sangavomereze. Kafukufuku akatha, zotsatira zimatuluka m'Chingerezi cha akadaulo, ndipo mfumu yomwe idaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo kuti anthu ake alembetse imamva mochedwa, ngati yamva n'komwe. Ana a ku Lilongwe adali m'gulu la ana oposa 15 000 a m'maiko asanu ndi awiri amene adayesedwa katemera wa malungo wa RTS,S pakati pa 2009 ndi 2014. Apa mwayi udalipo, chifukwa katemerayo adabwerera kwawo: Malawi idakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka pa 23 Epulo 2019, ndipo WHO idamuvomereza mu Okutobala 2021. Koma kafukufuku wambiri sathera mu jakisoni wooneka. Amathera m'pepala, ndipo palibe nambala pa Google Scholar yomwe imakwera kadaulo akapita ku Kabudula kukauza amayi zomwe magazi awo adaonetsa. Pulogalamu ya pawailesi ya Umoyo Nkukambirana, yomwe a Malawi-Liverpool-Wellcome adayambitsa, idaonetsa kuti anthu amafuna kumva ndipo amafunsa mafunso anzeru. Koma maola amene kadaulo wathera pawailesi salowa mu h-index yake.

Malawi ilibe mphamvu zosintha momwe Scopus imawerengera, ndipo ndalama zake zochitira kafukufuku n'zochepa. Maiko a mu Africa adalonjeza kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ife ndi anzathu ambiri tili kutali ndi lonjezolo. Komabe pali zipata ziwiri zomwe makiyi ake ali m'manja mwathu.

China ndi makomiti okweza anthu pantchito m'sukulu zathu, makamaka ku Kamuzu University of Health Sciences yomwe idaima payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Palibe wakunja amene angaletse makomitiwa kufunsa mphunzitsi kuti asankhe mapepala ake asanu opambana n'kufotokoza chomwe lililonse lidasintha, kaya ndi malangizo a unduna, kaya ndi mndandanda wa mankhwala, kaya ndi kagwiridwe ka ntchito pachipatala chimodzi. Angathenso kuwerengera ophunzira amene mphunzitsiyo wawafikitsa pokhala alembi oyamba.

Chinacho ndi chilolezo. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC, pansi pa National Commission for Science and Technology. Wofufuza wakunja, kaya h-index yake ndi 100, sangatenge dontho la magazi ku Namitete popanda kalata ya makomitiwa. Pamenepo ndi pomwe pangalembedwe kuti mwa mapepala amene adzatuluke, angati adzatsogoleredwa ndi a Malawi, ndani pachipatalapo adzapatsidwe mpata wolemba nawo, ndiponso ndi mwezi uti umene zotsatira zidzafotokozedwe m'Chichewa kwa anthu a m'deralo. Kulemba kokha sikokwanira, chifukwa mapepala amatuluka patatha zaka ziwiri kapena zitatu ofufuza atapakira kale katundu. Mpata wolondolera umabwera wofufuza yemweyo akabweranso kudzapempha chilolezo cha ntchito yatsopano, ndipo tsiku limenelo komiti ikhoza kutsegula faelo yakale n'kuyerekeza maina amene adalonjezedwa ndi amene adasindikizidwa.